Kumene Dzuwa Silifika

Pa mayeso a sayansi kusukulu, funso limene ndinkalikonda linali lija la chakudya cha zamoyo. Linali la ulere. Umajambula dzuwa pakona ya pepala, kenako udzu, kenako mbuzi, pomaliza fisi, n'kulumikiza zonsezo ndi timivi. Tinkaphunzira kuti chamoyo chilichonse chimadalira dzuwa: zomera zimapanga chakudya ndi kuwala kwake, ena tonsefe timadya zomerazo kapena timadya amene adya zomerazo. Ndinaloweza, ndinakhoza, basi nkhani n'kuthera pomwepo. Sindinkadziwa kuti pamene ndinkajambula timivi tangato, n'kuti patapita kale zaka zambiri anthu atatu ataona ndi maso awo malo amene chithunzi chimenechi chimaperewera.

Malowo ali pansi pa nyanja ya Pacific, mamita pafupifupi 2,500 kuchokera pamwamba pa madzi, kumpoto chakum'mawa kwa zilumba za Galápagos. Tsikulo linali la 17 Febuluwale 1977. Lero ndikufuna ndikusimbireni mbiri ya tsiku limenelo, zimene zinachitika lisanafike ndi zimene zinabwera pambuyo pake. Koma ndineneretu kuti chimene chimandikoka pa nkhaniyi si nyama zachilendo zokha ayi. Ndi liwu limodzi limene anthu ophunzira akhala akulibwereza ponena za pansi pa nyanja, liwu lakuti "palibe". Nthawi iliyonse imene analinena, pakapita zaka zinkapezeka kuti tanthauzo lake lenileni linali lakuti "sitinayang'ane bwino".

"Palibe" woyamba

M'chaka cha 1841, Edward Forbes, katswiri wa zamoyo wochokera pa chilumba cha Isle of Man, anakwera sitima ya boma la Britain yotchedwa HMS Beacon imene inkajambula mapu a nyanja ya Aegean, pakati pa Greece ndi Turkey. Ntchito yake inali kuponya khoka la pakamwa pachitsulo, kulikoka pansi pa nyanja, n'kuwerenga zimene lakola. Anaona kuti akamasunthira pozama, zamoyo zinkanka zichepa. Mu 1843 analengeza kuti ukapyola mamita pafupifupi 550, moyo umatheratu.

Anthu anavomera msanga chifukwa zinkamveka zanzeru. Pansipo ndi pamdima, pozizira, ndipo madzi amapanikiza koopsa. Chingakhale pamenepo n'chiyani? Vuto linali loti khoka la Forbes linali laling'ono pakamwa, linkadzaza matope lisanakole zambiri, komanso Aegean ndi nyanja yosauka chakudya poyerekeza ndi zinzake. Ndiponso mwiniwakeyo sanafikitse khoka lake pa mamita 550 amene ankanenawo. Anangoona mmene zinthu zikuchepera, n'kumalizitsa mzerewo m'mutu.

Amene anamutsutsa mwamphamvu sanali munthu koma chingwe. Mu 1860, chingwe cha telegalafu cholumikiza chilumba cha Sardinia ndi gombe la Algeria chinawonongeka, ndipo atachikoka kuchokera pa mamita oposa 2,000 kuti achikonze, chinatuluka zamoyo zitamatirira. Kenako kuyambira 1872 mpaka 1876 sitima ya HMS Challenger inazungulira dziko lapansi ikuponya makoka pozama, n'kubwerako ndi mitundu ya zamoyo yoposa 4,000 imene sayansi inali isanaidziwe. "Palibe" wa Forbes anafera pomwepo.

Koma m'malo mwake munalowa "palibe" wina, wofatsirapo. Akatswiri anayamba kunena kuti chabwino, moyo ulipo, koma ndi wochepa, wanjala, wochita zonse pang'onopang'ono. Kuwala kwa dzuwa sikupyola mamita 1,000, ndiye pansipo sipamera kanthu. Zamoyo za pamenepo zimangodikira nyenyeswa zogwa kuchokera pamwamba: tizomera takufa, ndowe za nsomba, mwa apo ndi apo mtembo wa nangumi. Mwachidule, pansi pa nyanja ndi chipululu.

Panachitikanso ngozi ina imene inalimbikitsa maganizo amenewa. Bungwe la Woods Hole Oceanographic Institution la ku America lili ndi kasitima koyenda pansi pa madzi kotchedwa Alvin, kamene kanayamba ntchito mu 1964 ndipo kamanyamula anthu atatu. Mu Okutobala 1968, zingwe zinaduka akukatsitsira m'madzi. Anthu atatuwo anatuluka amoyo, koma kasitimako kanamira chitseko chili chotsekula, mpaka mamita pafupifupi 1,500. Atakavuula patatha miyezi khumi, anapeza kamba wa anthu aja akadali momwemo: masangweji, maapozi ndi msuzi wa m'fulasiki. Zinali zonyowa koma zosawola. Atazisunga mu filiji, zinawola patangopita masabata ochepa. Akatswiri anati mwaona, pansipo ngakhale mabakiteriya amagwira ntchito ngati akuwodzera.

Kutentha kumene kunasowa

Tsono amene anagwetsa "palibe" wachiwiriyu sankafufuza n'komwe zamoyo. Anali akatswiri a miyala, ndipo ankasaka kutentha.

Nkhani yawo inayamba chonchi. Mu 1952, Marie Tharp, amene ankajambula mapu a pansi pa nyanja ku Columbia University, anaona kuti pakati pa mtandadza wa mapiri amene ali pansi pa Atlantic pali chigwa chong'ambika. Mu 1962, Harry Hess anafotokoza kuti m'zigwa zoterezi, pansi pa nyanja pamatseguka pang'onopang'ono, chiphalaphala cha miyala yosungunuka chimakwera, chimazizira n'kusanduka mwala watsopano. Mapiri amtunduwu azungulira dziko lonse ngati msoko wa mpira, makilomita pafupifupi 65,000. Kwa ife nkhani ya nthaka yong'ambika si yachilendo kwenikweni. Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chimene chinapangika chifukwa choti Africa akung'ambika chakum'mawa kuno, ndipo akasupe a madzi otentha ngati a ku Chiweta ndi ku Nkhotakota akutsatira ming'alu ya m'chigwa chomwechi.

Akatswiri atawerengera kutentha kumene kuyenera kumatuluka m'mapiri a pansi pa nyanjawa, n'kukayeza kwenikweni, masamu sanagwirizane. Kumene anayezako kunali kochepa kwambiri. Nanga kwinako kukupita kuti? Ena anaganiza kuti madzi a m'nyanja amalowa m'ming'alu ya miyala, amatenthedwa pansi, n'kutulukira pena atasenza kutenthako. Ndiye kuti pansi pa nyanja payenera kukhala akasupe otentha. Koma panalibe amene anawaonapo ndi maso.

Mu 1972 komanso mu 1976, magulu a ku Scripps Institution of Oceanography anakoka zipangizo pamwamba pa chigwa cha Galápagos Rift n'kupeza malo amene madzi anali ofundirapo pang'ono chabe, osakwana n'komwe digiri imodzi. Pa zithunzi za 1976 panaonekanso mulu wa zigoba zoyera za nkhono. Anthu anangoseka, amvekere ndi zinyalala za phwando la pa sitima ina, ndipo malowo anawatcha Clambake, dzina la phwando lowotcha nkhono kugombe. Taonani mmene "palibe" amagwirira ntchito. Umboni uli pachithunzi, koma popeza aliyense akudziwa kuti pansipo ndi chipululu, zigobazo ziyenera kuti zachita kugwa kuchokera pamwamba.

Febuluwale 1977

Sitima ziwiri zinafika pamalowo: Knorr, yonyamula akatswiri ndi zipangizo, ndi Lulu, yonyamula Alvin. Panali Richard Von Herzen ndi Robert Ballard a ku Woods Hole (Ballard yemweyu ndi amene anadzapeza Titanic mu 1985), Jack Corliss wa ku Oregon State University, John Edmond wa ku MIT, Tjeerd van Andel wa ku Stanford, ndi ena ambiri. Katswiri wa zamoyo panalibe ndi mmodzi yemwe. Akanamutengeranji? Paja ankapita kuchipululu.

Poyamba anatsitsa chikhokho chachitsulo chokhala ndi makamera, chotchedwa ANGUS, n'kumachikoka mamita ochepa pamwamba pa miyala. Chinajambula zithunzi 3,000. Pakati pa ulendowo choyezera kutentha chinadumpha kwa mphindi zosakwana zitatu n'kubwerera, moti ena anayesa kuti chasokonekera. Atatsuka filimu, anaona mwala wakuda, mwala wakuda, mwala wakuda basi. Koma pa zithunzi 13 zokha, zojambulidwa pa nthawi yeniyeni imene choyezera chija chinadumpha, mwalawo unali utayera mbuu ndi nkhono.

Pa 17 Febuluwale, woyendetsa Jack Donnelly, Corliss ndi van Andel analowa mu Alvin. Muganizire chimpira chachitsulo cha mamita awiri m'mimba mwake, anthu atatu atapindana miyendo pamodzi ndi zipangizo, aliyense ndi kawindo kake kakang'ono ngati kambale. Kutsika kumatenga nthawi yoposa ola limodzi, ndipo mbali yaikulu ya ulendowo ndi mdima wokhawokha. Pa mamita 2,500, kamalo kalikonse kofanana ndi chikhadabo cha chala chanu kamapanikizidwa ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 250. Matumba asanu a chimanga pa chikhadabo chimodzi.

Atayatsa magetsi n'kuyenda pang'ono, anaona madzi akunyezimira ngati mpweya wa pamwamba pa tala masana a Okutobala, akutuluka m'ming'alu ya mwala. Anali atapeza akasupe amene ankawafuna aja. Koma mozungulira ming'aluyo munali nkhono za zigoba ziwiri, zoyera, zina zotalika kuposa chikhatho cha munthu wamkulu, nkhono zina zofiirira zitaunjikana, ndi nkhanu zoyera zikuyenda pamwamba pa zinzake. Corliss anatenga foni yolumikizana ndi a pa Lulu n'kufunsa wophunzira wake, Debra Stakes, ngati si paja pansi pa nyanja pamayenera kukhala ngati chipululu. Atamuvomera, iye anati koma pano padzaza nyama.

M'masiku otsatira anapeza malo ena. Pena panali tizinthu tobulungira tachikasu tooneka ngati maluwa, tomwe pambuyo pake tinadziwika kuti ndi tinyama. Pena, pamene anapatcha Garden of Eden, panali mipaipi yoyera itaima mothithikana, iliyonse ili ndi nsonga yofiira psuu ngati yopakidwa lipisitiki. Zinali nyongolotsi. Popeza palibe amene anakonzekera zosunga nyama, mankhwala osungira anali ochepa, ndipo atatha, anthu anatsanulira vodka ya ku Russia imene anagula ku Panama. Zina mwa nyama zofunika kwambiri zimene sayansi inapeza m'zaka za m'ma 1900 zinafika kumtunda zili mu mowa.

Chinanso chinachitika m'chipinda choyezera zinthu pa Knorr. Atatsekula mabotolo a madzi a pa akasupewo, munadzaza fungo la mazira owola, anthu n'kuthamangira kotsekula mawindo. Unali mpweya wa hydrogen sulfide. Fungo loipali ndi limene linali yankho la funso limene aliyense anali nalo, lakuti kodi khamu lonseli likudya chiyani.

Utsi wakuda

Madzi a ku Galápagos anali ofunda chabe, osafika madigiri 20, pamene madzi owazungulira ali pa madigiri 2. Zoopsa zenizeni zinaoneka mu Epulo 1979, pamene Alvin anatsika pa mapiri a East Pacific Rise, kufupi ndi gombe la Mexico. Kumeneko anapeza machumuni amiyala akutulutsa chinthu chonga utsi wakuda bii, ngati wa matayala akamapsa. Atalowetsa choyezera kutentha, pulasitiki wake anasungunuka. Anthu anachita nthumanzi atakumbukira kuti mawindo a Alvin nawonso ndi apulasitiki. Atabweranso ndi chipangizo cholimba anapeza kuti madziwo ali pa madigiri pafupifupi 350. Sawira chifukwa cha kupanikizika kuja.

Zimachitika motere. Madzi ozizira amalowa m'ming'alu n'kutsika mpaka kufupi ndi chiphalaphala. Akatentha amasungunula chitsulo, kopa, zinki ndi sulufule za m'miyala, n'kukwera nazo mwaliwiro. Akangokumana ndi madzi ozizira a m'nyanja, zosungunuka zija zimaumanso n'kukhala fumbi lakuda. Umenewo ndiye "utsi" uja. Lina mwa fumbilo limamatirira pakamwa pa kasupe, chumuni n'kumakula. Musaiwale za zitsulozi, tizipezanso kutsogoloku.

Nyongolotsi yopanda pakamwa

Mu 1979 momwemo, akatswiri a zamoyo motsogozedwa ndi Fred Grassle anapita okha ku Galápagos Rift. Anapeza malo ena amene anawatcha Rose Garden, pomwe nyongolotsi zija zinali zotalika mpaka mamita awiri. Meredith Jones wa ku Smithsonian Institution ndi amene anazitumbula n'kuzifotokoza, ndipo anazipatsa dzina lakuti Riftia pachyptila. Chimene anapeza chinali chozunguza mutu. Nyama yaikulu chonchi, yonenepa bwino, inalibe pakamwa, inalibe matumbo, inalibenso kotulutsira. M'kati mwake munali chiwalo chachikulu chofewa chodzaza thupi.

Mu 1980, Jones anakakamba za nyongolotsizi ku Harvard, ndipo anatchula mongodutsa kuti m'chiwalo chija amapezamo timibulu ta sulufule. Wophunzira wina wa chaka choyamba cha maphunziro apamwamba, Colleen Cavanaugh, anaimirira pakati pa anthu n'kunena kuti ndiye kuti m'thupimo muli mabakiteriya odya sulufule. Nkhani imati Jones anamuuza kuti akhale pansi. Koma pambuyo pake anamupatsa kachidutswa ka nyongolotsiyo kuti atsimikize zonena zake, ndipo mu 1981 zotsatira zinatuluka mu magazini ya Science, dzina la Jones lili pomwepo limodzi ndi la Cavanaugh. Chaka chomwecho Horst Felbeck wa ku Scripps anapeza umboni wina wogwirizana nazo. Mtsikana uja ananena zoona.

Kuti pali mabakiteriya otha kupeza mphamvu kuchokera ku sulufule sinali nkhani yatsopano. Sergei Winogradsky anazipeza kale mu 1887. Kungoti aliyense ankaziona ngati kachinthu kapambali, ka m'zithaphwi zonunkha. Palibe amene ankaganiza kuti kangadyetse mudzi wathunthu wa nyama. Mabakiteriyawa amaphatikiza hydrogen sulfide ndi okosijeni, ndipo mphamvu yotuluka pamenepo amapangira chakudya kuchokera ku mpweya wa carbon dioxide, monga mmene tsamba limachitira ndi kuwala. Njira imeneyi imatchedwa chemosynthesis.

Nyongolotsi ija tsono ili ngati mlimi amene munda wake uli m'mimba. Nsonga yofiira ija ndi yodzaza magazi, ndipo magaziwo ali ndi hemoglobin wapadera amene amanyamula okosijeni ndi hydrogen sulfide nthawi imodzi. Kwa inu ndi ine hydrogen sulfide ndi poizoni, amatseka kupuma kwa maselo. Magazi a nyongolotsiyi amamugwira mwamphamvu kuti asaipweteke, n'kukamutula kwa mabakiteriya mabiliyoni amene ali m'chiwalo chija. Iwo amapanga chakudya, nyongolotsi n'kumadya. Imabadwa ilibe mabakiteriyawa. Amailowa kudzera pakhungu ikadali kamwana, kenako timatumbo timene inali nato timafota n'kutha. Nkhono zija nazonso zimasunga mabakiteriya m'ziwalo zopumira. Nkhanu ndi nsomba zimadya nyongolotsi ndi nkhono. Ukajambula timivi tija kumeneku, pakona ya pepala suikapo dzuwa, umaikapo mng'alu wa mwala.

Apa ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa nkhaniyi anthu amaikokomeza. Si zoona kuti nyamazi zilibiretu nalo ntchito dzuwa. Okosijeni amene zimagwiritsa ntchito amachokera ku zomera za pamwamba, amachita kutsika ndi madzi. Dzuwa litazima, nyongolotsi nazonso zingadzafe. Komabe chakudya chawo chimapangidwa pomwepo mumdima, ndipo pali tizamoyo tina ta m'malo amenewa timene sitifuna n'komwe okosijeni. N'chifukwa chake mu 1981 Corliss ndi anzake awiri, John Baross ndi Sarah Hoffman, analemba kuti mwina moyo padziko lapansi unayambira pa akasupe oterewa. Mpaka lero akatswiri akutsutsanabe pa mfundoyi, koma ndi imene imachititsa kuti ofufuza zam'mlengalenga aziyang'anitsitsa Europa ndi Enceladus, miyezi ya Jupiter ndi Saturn imene ili ndi nyanja pansi pa madzi oundana.

Midzi yosakhalitsa

Mukukumbukira masangweji aja, ndi mfundo yoti pansi pa nyanja zonse zimayenda mwaulesi? Mu Epulo 1991, gulu lotsogozedwa ndi Rachel Haymon linatsika ndi Alvin pa East Pacific Rise n'kupeza kuti chiphalaphala changophulika kumene. Nyongolotsi zinali zitapserera, moti malowo anawatcha Tubeworm Barbecue, kunena kuti kanyenya wa nyongolotsi. Akatswiri anayamba kubwerako chaka ndi chaka kuti aone mmene moyo ubwererere. Poyamba panayala mabakiteriya oyera ngati thonje. Kenako panabwera nkhanu ndi tinyongolotsi ta mtundu waung'ono. Mu 1993 Riftia inali itadzaza, zina zitafika mita imodzi ndi theka. Zinkakula masentimita oposa 85 pa chaka. Chipululu chaulesi chija chinapezeka kuti chili ndi imodzi mwa nyama zokula msanga kwambiri m'nyanja.

Koma moyo wa pamenepa ndi wa pangongole. Kasupe akatsekeka, mudzi wonse umafa. Mu 2002, patatha zaka 25 chipezereni akasupewa, akatswiri anabwerera ku Galápagos kukaona Rose Garden, malo amene anawaphunzitsa zambiri. Sanawapeze. Anali atakwiririka ndi chiphalaphala chatsopano. Chapafupi pomwepo anapeza tinyongolotsi ndi tinkhono tating'onoting'ono tikuyamba kumene, ndipo anapatcha Rosebud. Mtundu umapulumuka chifukwa ana ake amatengedwa ndi madzi mumdima, ndipo ochepa mwa iwo amakagwera pa kasupe wina amene akadali wamoyo.

Ndiponso nyanja iliyonse ili ndi zake. Ku Atlantic, kumene akasupe a utsi wakuda anapezeka mu 1985, kulibe nyongolotsi zikuluzikuluzi. Kuli chinamtindi cha tinkhanu ta mtundu wa shrimp topanda maso pamalo pamene pamakhala maso. Cindy Van Dover, amene pambuyo pake anakhala mkazi woyamba kuyendetsa Alvin, anapeza kuti tili ndi chiwalo chozindikira kuwala pamsana. Mu 2000, gulu la Deborah Kelley linapeza machumuni oyera otalika mpaka mamita 60, pamalo amene anawatcha Lost City. Ndipo mu 2023, gulu la Monika Bright wa ku University of Vienna linatsitsa loboti pa East Pacific Rise, n'kutembenuza zibenthu za mwala pafupi ndi akasupe. Kunsi kwake kunali timapanga ta madzi ofunda, muli nyongolotsi ndi nkhono zamoyo. Kwa zaka zoposa 40 anthu ankajambula pamwamba pa miyala imeneyi osadziwa kuti kunsi kwake kulinso mudzi. "Palibe" winanso anagwa pamenepo.

Nkhono ya chovala chachitsulo

Tsopano tibwerere ku zitsulo zija. Machumuni a pa akasupewa ali ndi kopa, zinki, siliva ndi golide, ndipo kawirikawiri mwala wake ndi wonona kuposa wa m'migodi yambiri ya pamtunda. Kampani ya ku Canada yotchedwa Nautilus Minerals inapatsidwa chilolezo mu 2011 choti ikumbe pamalo otchedwa Solwara 1, mamita 1,600 pansi pa nyanja ya Bismarck ku Papua New Guinea. Anthu a m'midzi ya kugombe anakana, ndalama zinavuta, ndipo kampaniyo inagwa mu 2019 isanakumbe, boma la dzikolo litatayapo ndalama zambiri. Japan inayesa makina ake okumbira kufupi ndi Okinawa mu 2017. Nkhaniyi sinathe.

Ku Indian Ocean, chakum'mawa kwa Mauritius, kuli akasupe otchedwa Kairei. Mu 2001 kumeneko kunapezeka nkhono imene phazi lake lili ndi mamba, ndipo mambawo ndi chigoba chake zakutidwa ndi chitsulo chosakanikirana ndi sulufule, moti maginito amaikoka. Dzina lake ndi Chrysomallon squamiferum. Nayonso imasunga mabakiteriya m'thupi. Mu 2019 bungwe la IUCN linaiika pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yotha, ndipo inali yoyamba kuikidwapo chifukwa cha chiopsezo cha migodi ya pansi pa nyanja. Pa nthawiyo inkadziwika pamalo atatu okha, amene mutawaphatikiza angakwane mabwalo a mpira owerengeka, ndipo awiri mwa malowo anali kale m'zigawo zimene Germany ndi China anapatsidwa zilolezo zofufuzamo miyala.

Ofuna kukumba ali ndi mfundo zawo, ndipo si zopusa. Foni imene mukuwerengerapo nkhaniyi ili ndi kopa ndi golide, ndipo zimenezi zimachokera penapake, nthawi zambiri pamene pagwetsedwa nkhalango kapena pasamutsidwa anthu. Amanenanso kuti sadzakhudza akasupe amoyo, adzakumba amene anazima kale, ndiponso kuti ngati zamoyozi zimabwerera chiphalaphala chikazikwirira, zidzabwereranso makina akadutsa. Koma si akasupe onse amene anazolowera kuphulika pafupipafupi ngati a East Pacific Rise. Ena akhala osasokonezedwa kwa zaka masauzande, ndipo zamoyo zake sizinaphunzire kuyambiranso msanga. Nanga pa akasupe ozimawo pali chiyani? Ndi malo amene afufuzidwa pang'ono kwambiri. Ine ndikamva wina akunena kuti pamenepo palibe zambiri, ndimakumbukira khoka la Forbes, ndimakumbukira zigoba za 1976 zimene anthu anaziseka. Kusiyana kwake n'kwakuti Forbes atalakwitsa, chimene chinawonongeka ndi mbiri yake yokha. Zamoyozo zinalipobe, zikudikira wina wobwera ndi khoka labwino. "Palibe" wotsogolera makina okumbira akalakwika, wobwera pambuyo sadzapeza choti akonzere cholakwikacho.

Mwina mukuti ifeyo zikutikhudza bwanji, dziko lathu lilibe n'komwe gombe la nyanja yamchere. Pangano la United Nations la malamulo a panyanja la 1982 limati pansi pa nyanja, kunja kwa malire a mayiko, ndi chuma cha anthu onse, kuphatikizapo a m'mayiko opanda gombe. Bungwe lopereka zilolezo zija, International Seabed Authority, lili ku Kingston, Jamaica, ndipo Malawi ndi membala. Ndiye kuti mwalamulo nkhono ya ku Kairei ija ndi yanu monga mmene ilili ya munthu wa ku Berlin kapena ku Beijing, ndipo zikamakambidwa zoti malo ake akumbidwe kapena asiyidwe, zikukambidwa m'dzina lanunso.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuchokera pa Forbes kufika pa tsiku limene Corliss anasuzumira pa kawindo kaja panapita zaka 134. Kuchokera pa tsiku limenelo kufika pamene wina anaganiza zotembenuza mwala panapita zaka 46. Sindikuona chifukwa chokhulupirira kuti ife ndife oyamba kuyang'ana mokwanira. Chithunzi changa chija cha dzuwa, udzu, mbuzi ndi fisi sichinali chabodza, ndipo mwana akandifunsa lero ndingamujambulire chomwecho. Kungoti ndingamuuze kuti asadzaze pepala lonse, m'munsimu asiyemo malo.